KUSANZA MAGAZI: MMENE TINGATETEZERE WODWALA KUTI ASASANZENSO

Mawu kwa Aphunzitsi

Phunziro ili ndi la ana a giredi 5 ndi 6, koma lili ndi zambiri zimene inunso mungafotokozere makolo pamsonkhano wa pasukulu. Musanayambe, jambulani pabolodi thupi la munthu, muonetse m'mero, chifu, matumbo, chiwindi ndi kapamba. Mukhalenso ndi kalenda, wotchi ndi kamphete ka mphira. Mwina m'kalasi mwanu muli mwana amene kwawo kunagwa vuto limeneli. Musamtchule dzina, ndipo musamfunse pamaso pa anzake.

Phunziro

Moni ana inu nonse, moninso aphunzitsi. Lero tikamba za nthenda imene imanjenjemeretsa mudzi wonse ikafika, ndiyo kusanza magazi. Makamaka tifuna kudziwa zoyenera kuchita munthu akabwerako kuchipatala, kuti zimene zinamuonekera zisamuonekerenso.

Tiyerekeze kuti ku Vubwi kuli bambo wina, mlimi wa dimba, munthu wamphamvu ndithu amene samwa mowa. Tsiku lina ali kuthirira ndiwo zake amva chizungulire, nasanza magazi odzaza mbale. Abale amtengera kuchipatala, kumene amthira magazi ena, namtumiza kuchipatala chachikulu. Kumeneko dokotala ammanga mitsempha imene inali kukha magazi kummero. Patapita masiku owerengeka bamboyo abwera kumudzi akuyenda yekha, akudya bwino, ndipo banja lonse likondwera.

Tsono ndikufunseni: kodi bambo ameneyu wachira? Ambiri mwa inu muyankha kuti inde. Koma yankho loona ndi lakuti wapulumuka, sanachire ayi. Madokotala anapeza kuti mwa anthu 10 odwala chiwindi amene anasanzapo magazi motere, pafupifupi 6 amasanzanso chisanathe chaka chimodzi kapena ziwiri ngati salandira chithandizo chowateteza. Akuluakulu amati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Kuti timvetse chifukwa chake, tiyambe taona kumene magaziwo amachokera.

Magaziwo Amachokera Kuti?

Yang'anani chithunzi chimene aphunzitsi ajambula. Tikadya nsima, chakudya chimatsika ndi m'mero, chimalowa m'chifu, kenaka m'matumbo. Magazi amatenga zabwino za m'chakudyacho, nayenda mu mtsempha umodzi waukulu kunka kuchiwindi. Mtsempha womwewo umalandiranso magazi ochokera kukapamba. Chiwindi chabwino n'chofewa, ndipo magazi amapyola m'kati mwake mosavuta, napitirira ulendo wawo kunka kumtima.

Inu amene mumathandiza makolo kudimba mukudziwa zimene zimachitika ngalande yaikulu ikatsekeka ndi matope. Madzi sabwerera kumtsinje. Amadzaza, nafuna njira ina, nalowa m'tingalande tating'ono, timene sitinakumbidwire madzi ambiri chotero. Posakhalitsa khoma la kangalande kamodzi limagumuka.

Ndi mmenenso zimachitikira m'thupi. Chiwindi chikauma ndi zipsera, magazi amalephera kupyola bwino. Ena amabwerera kukapamba, ndipo kapamba amatupa, mwakuti munthu amamva chinthu cholimba kumanzere pansi pa nthiti. Ena amalowa m'timitsempha tating'ono ta kumunsi kwa m'mero, pafupi ndi chifu. Timitsemphato timafufuma, khungu lake limapyapyala, ndipo tsiku lina kamodzi kamaphulika. Ndiwo magazi aja bambo wathu anasanza kudimba.

Chimene Chimaumitsa Chiwindi

Pali zinthu zitatu zimene zimaumitsa chiwindi kawirikawiri m'dziko lathu lino. Choyamba ndi mowa, makamaka kachasu, ukamwedwa zaka zambiri. Chachiwiri ndi nthenda ya chiwindi yotchedwa hepatitis B, imene katemera wake anayamba kuperekedwa kwa makanda m'Zambia m'chaka cha 2005. Chachitatu ndi likodzo, ndipo apa mutchere khutu, pakuti likodzo limayamba pa msinkhu wanu womwewu.

Nonse mumadziwa likodzo lokodzetsa magazi, limene n'lofala kuno ku Chigawo cha Kum'mawa. Koma likodzo lili mitundu iwiri, ndipo yonse imapezeka m'Zambia. Mtundu wachiwiri ndi likodzo la m'matumbo, limene limadziwika kwambiri m'madera monga Kaoma ndi Siavonga. Limeneli silionekera mu mkodzo, chotero munthu angakhale nalo zaka zambiri osadziwa. Nyongolotsi zake zimakhala m'mitsempha ya m'matumbo, ndipo yaikazi imodzi imaikira mazira pafupifupi 300 tsiku lililonse. Mazira ena amatuluka munthu akadzithandiza, koma ena amatengedwa ndi magazi nakakodwa m'chiwindi. Dzira lililonse limasiya kachipsera. Zaka zikamapita zipserazo zimachuluka, mpaka njira za magazi zimapanikizika.

Nyongolotsi zimenezi anayamba kuziona ndi dokotala wa ku Germany, Theodor Bilharz, mumzinda wa Cairo m'chaka cha 1851, ndipo n'chifukwa chake kuchipatala mumamva dzina lakuti bilharzia. M'chaka cha 1915 Robert Leiper anaonetsa mmene tizilomboti timakulira mu nkhono za m'madzi tisanalowe pakhungu la munthu.

Taonani tsono chifukwa chake si bwino kuweruza munthu wosanza magazi. Ena amati ndi chidakwa, ena amati wadyetsedwa, ena amati ndi mdulo. Koma bambo wathu wa ku Vubwi mwina anatenga nthendayi ali mnyamata, akusambira padamu kapena kuwedza timatemba kumtsinje. Pali nkhani yolimbitsa mtima pamenepa. Likodzo limapanikiza njira za magazi, koma kawirikawiri mnofu wa chiwindi umapitiriza kugwira ntchito yake. Chotero munthu wotere, magazi akaleka kutayika, angathe kukhala zaka zambiri, kulima ndi kulera ana ake.

Zimene Dokotala Amachita

Kumanga mitsempha kumachitika m'zipatala zazikulu zimene zili ndi chipangizo chake, monga University Teaching Hospital ku Lusaka. Chipangizocho ndi kachubu kofewa, konenepa ngati chala, kokhala ndi nyali ndi kamera kunsonga, ndipo dzina lake ndi endosikopi. Wodwala amapatsidwa mankhwala omuziziritsa pakhosi kapena omuodzeretsa, kenaka dokotala amalowetsa kachubuko pakamwa natsika nako kummero. Akaona mtsempha wotupa amaukoka pang'ono, nauveka kamphete ka mphira kothina zedi.

Munaonapo mchombo wa mwana wakhanda? Anamwino akaumanga ndi kachingwe, umauma, ndipo patapita masiku owerengeka umagwa wokha. Mtsempha womangidwa umachitanso chimodzimodzi: umafota, nugwa pamodzi ndi kamphete kaja, ndipo pamalopo pamatsala kachilonda kamene kamapola m'milungu iwiri kapena itatu. Njira imeneyi anaiyamba ndi dokotala wa ku Denver, ku America, Greg Stiegmann, m'chaka cha 1986. Kale madokotala ankabaya mitsemphayo ndi mankhwala oiumitsa, koma anapeza kuti timphete ta mphira sitivulaza m'mero kwambiri.

Koma kumbukirani ngalande ija. Dokotala wamata pamene panagumuka, koma ngalande yaikulu ikadali yotsekeka, ndipo madzi akadali kukankha. Mitsempha ina yotupa imatsalira, ndipo yatsopano imatha kumera. N'chifukwa chake ntchito yaikulu imayamba wodwala akafika kunyumba. Ntchitoyo ili ndi malamulo asanu.

Lamulo Loyamba: Kusamala Masiku Oyamba

Tsiku loyamba wodwala amamwa zamadzimadzi zokha, kenaka amadya zofewa, monga phala, nthochi zakupsa, maungu kapena mbatata yophwanya. Masiku oyambawo apewe zolimba ndi zolasa, monga chimanga chokazinga, nsawawa zokazinga ndi nsomba zaminga, ndiponso chakudya chotentha kwambiri. Atafune bwino, asameze mothamanga. Milungu iwiri yoyamba ndiyo yofunika tcheru, pakuti tizilonda tija tingathe kukha magazi timphete tikagwa. Pa nthawi imeneyi asalime, asasenze matumba, ndiponso asakhale kutali ndi anthu. Ngati dokotala wampatsa mankhwala ochepetsa asidi wa m'chifu, amwe mpaka atathe.

Lamulo Lachiwiri: Kubwerera pa Tsiku Lolembedwa

Kumanga kamodzi sikukwanira. Dokotala amaitananso wodwala patapita milungu iwiri, inayi kapena kuposerapo pang'ono, namanga mitsempha yotsala, ndipo amabwereza chotero kufikira yonse itatha. Ambiri amafunika kupita katatu kapena kanayi. Ikatha, amaunikidwanso patapita miyezi itatu kufikira isanu ndi umodzi, ndipo pambuyo pake kamodzi kapena kawiri pachaka.

Lamulo ili ndilo limavuta kwathu kuno. Kuchokera ku Katete kukafika ku Lusaka ndi ulendo wa makilomita pafupifupi 500, ndipo wochokera ku Vubwi amayamba wafika ku Chipata asanauyambe ulendowo. Ndalama ya basi ndi yambiri, dzinja misewu ya kumidzi imavuta, ndipo munthu amene akumva bwino m'thupi amaona ngati ulendowo n'kutaya ndalama chabe. Koma mutu umodzi susenza denga. Banja likhale pansi tsiku lomwelo wodwala wafika, liwerengere maulendo onse, ndi kupatula thumba la nsawawa, la soya kapena mbuzi ya ulendowo. Ngati zalephereka ndithu, asangokhala chete kunyumba. Apite kuchipatala chapafupi, monga St Francis ku Katete, Nyanje ku Sinda, kapena kiliniki ya kwawo, akafotokoze, kuti a zaumoyo aone mmene angamthandizire.

Lamulo Lachitatu: Kumwa Mankhwala Tsiku Lililonse

Timphete timatseka pobooka, koma pali mankhwala amene amachepetsa mphamvu imene magazi amakankhira mitsemphayo. Odziwika kwambiri ndi propranolol, ndipo ena ofanana nawo ndi carvedilol. Mankhwalawa amachititsa mtima kugunda modekha, nachepetsa magazi othamangira kumitsempha ya m'matumbo. M'chaka cha 1981 Didier Lebrec ndi anzake ku France anaonetsa kuti propranolol amachepetsa kusanzanso magazi kwa odwala chiwindi. M'chaka cha 1989 Dr. Kiire wa ku Harare anaonetsa kuti amathandizanso anthu a kuno ku Africa amene chiwindi chawo chili ndi zipsera za mtundu umene likodzo limasiya. Lero madokotala amagwirizana kuti timphete pamodzi ndi mankhwala zimateteza bwino koposa timphete tokha.

Mankhwalawa si a masiku owerengeka monga a malungo. Amamwedwa tsiku ndi tsiku, kawirikawiri moyo wonse, ngakhale munthu akumva bwino. Kuwasiya mwadzidzidzi n'koopsa, pakuti mphamvu ya magazi imabwerera msanga. Chotero wodwala akatenge ena akale asanathe, ndipo popita kumaliro kapena kukacheza kutali asawaiwale. Dokotala amayamba ndi mlingo wochepa nawonjezera pang'onopang'ono, kufikira mtima ukugunda ka 55 kapena ka 60 pa mphindi imodzi. Wodwala akamamva chizungulire poimirira, kufooka kwambiri kapena kubanika, apite kukiliniki tsiku lomwelo. Asasinthe mlingo yekha. Amene ali ndi mphumu, ndiponso mayi woyembekezera, auze dokotala asanayambe kumwa.

Ngati gwero la nthendayo ndi likodzo, wodwala amapatsidwanso praziquantel, mankhwala omwe aja mumalandira kusukulu. Amapha nyongolotsi kuti zisaikirenso mazira, koma zipsera zakale sizitha msanga. Chotero kumwa praziquantel sikuchotsa malamulo enawa.

Lamulo Lachinayi: Zoyenera Kupewa

Mowa wa mtundu uliwonse ndi woletsedwa, ngakhale wa pamwambo. Chiwindi chovulala kale sichingapirire katundu wina.

Chachiwiri ndi mapiritsi ena opha ululu amene amagulitsidwa m'magolosale ndi pamsika: aspirin, ibuprofen amene ambiri amati Brufen, ndi diclofenac. Amenewa amakanda chifu, nachedwetsa magazi kuundana. Mapiritsi ambiri a mutu ndi a chimfine ali ndi aspirin m'kati ngakhale dzina lake lapachikuto lili lina. Wodwala akamva mutu afunse a zaumoyo, amene kawirikawiri amampatsa paracetamol pa mlingo woyenera chiwindi chake.

Chachitatu ndi mankhwala a zitsamba osanzitsa. Munthu akaganiziridwa kuti wadyetsedwa, ena amamwetsa mankhwala oti asanze. Kwa munthu wa mitsempha yotupa kummero, kusanza mokakamiza kungathe kuphulitsa mtsempha, ndipo zitsamba zina zimaononga chiwindi. Safunsa anadya phula. Chilichonse chofuna kumwa, ayambe wafunsa kuchipatala.

Lamulo Lachisanu: Kudziwa Zizindikiro

Magazi satulukira pakamwa nthawi zonse. Nthawi zina amatsikira m'matumbo, ndipo munthu amachita chimbudzi chakuda bii, chonanda ngati phula, chonunkha moipa. Chimenechi ndi chizindikiro chachikulu, ndipo ambiri amachibisa chifukwa cha manyazi. Zizindikiro zina ndi masanzi akuda, chizungulire, thukuta lozizira, mtima kugunda mothamanga, ndi kuyera kwa zikhatho ndi m'kati mwa zikope. Mapiritsi owonjezera magazi nawonso amadetsa chimbudzi, koma musaweruze nokha kunyumba. A zaumoyo ndiwo asiyanitse.

Mukaona zimenezi, itanani wamkulu msanga. Wodwala agonekedwe chammbali kuti masanzi asamtsamwe. Asapatsidwe chakudya, chakumwa kapena mankhwala. Anyamulidwe kunka kuchipatala nthawi yomweyo, ngakhale uli usiku, ndipo makadi ake onse apite naye. Musadikire kuti muone ngati asanzenso, pakuti madzi akatayika saoleka. Ngati magazi abwerabwera ngakhale malamulo onse asungidwa, madokotala ali ndi njira zinanso, monga opaleshoni yochotsa kapamba ndi kumanga mitsempha ya kuchifu.

Ntchito Yanu, Ana Inu

Mwina mukuti, "Ife ndife ana, tingachitepo chiyani?" Mungachite zambiri. M'nyumba zambiri, mwana wa sukulu ndiye amawerengera banja makalata. Ngati atate, amayi, amalume kapena agogo anamangidwa mitsempha, werengani khadi lawo la kuchipatala, mulembe tsiku lobwerera pakalenda, ndipo muwakumbutse mlungu umodzi tsikulo lisanafike. Jambulani mizere m'kope, muzichonga m'mawa ndi madzulo akamwa mankhwala. Muziwerenga mapiritsi otsala, ndipo akatsala a masiku 7 muwauze. Akakutumani kugolosale kukagula mankhwala a mutu, werengani timalemba tapachikuto, ndipo mukaona aspirin, ibuprofen kapena diclofenac, bwererani mukawauze.

Pochita zonsezi musaiwale ulemu. Mwana salamula kholo lake. Gwadani, muwapatse madzi ndi manja awiri, munene kuti, "Atate, nthawi ya mankhwala yakwana." Ntchito imeneyi ndi ya miyezi ndi zaka, ndipo imafuna mtima wofatsa. Paja kuona maso a nkhono n'kudekha.

Potsiriza, dzisamaleni inu eni. Zipsera zimene zimasanzitsa munthu magazi ali ndi zaka 30 kapena 40 kawirikawiri zimayamba ali ndi zaka 10. A zaumoyo akabwera kusukulu ndi praziquantel, musathawire kuthengo. Idyani kanthu kaye, muime pa ndodo yoyezera msinkhu, mumwe mapiritsi onse amene akupatsani. Musasambire m'madamu ndi m'madzi oima a m'madambo, makamaka masana dzuwa lili pamutu, pamene tizilomboti timatuluka tambiri mu nkhono. Sambani madzi a pamjigo kapena a pachitsime chotetezedwa. Ngati madzi ali a kumtsinje, aphitsidwe kapena akhale mumtsuko masiku awiri asanasambidwe. Ndipo nthawi zonse dzithandizeni m'chimbudzi, osati kumtsinje kapena patchire, pakuti mazira akapanda kufika m'madzi, nkhono sizikhala ndi choti zifalitse.

Bambo wathu uja wa ku Vubwi, akasunga malamulo asanu amenewa, angathe kuona ana ake akumaliza sukulu. Mwina amene adzamthandize kuwasunga ndi mmodzi wa inu. Tsalani bwino, ana inu, mpaka phunziro lotsatira.

Mafunso

1. Kodi n'chifukwa chiyani mitsempha ya kummero imatupa chiwindi chikauma?
2. Tchulani zinthu zitatu zimene zimaumitsa chiwindi.
3. Kodi likodzo la m'matumbo limasiyana bwanji ndi likodzo lokodzetsa magazi?
4. N'chifukwa chiyani munthu womangidwa mitsempha ayenera kubwereranso kuchipatala ngakhale akumva bwino?
5. Tchulani mapiritsi atatu amene munthu wotere sayenera kumwa.
6. Mungachite chiyani mutapeza wachibale wanu akusanza magazi?

Zochita Phunziro Litatha

Aphunzitsi, onetsani ana kuwerenga kugunda kwa mtima. Akhale awiriawiri, aliyense aike zala ziwiri padzanja la mnzake, kumunsi kwa chala chachikulu, nawerenge kwa mphindi imodzi yathunthu inu mukuyang'ana wotchi. Auzeni kuti mtima wa mwana umagunda mofulumirapo kuposa wa munthu wamkulu, kuti asadabwe ndi zimene apeze.

Mwana aliyense ajambule m'kope lake kalenda ya mwezi umodzi, yokhala ndi malo awiri ochonga pa tsiku lililonse.

Pamodzi ndi ana, jambulani mapu a dera la sukulu yanu, muonetse mitsinje, madamu, madimba, mijigo ndi zimbudzi. Lembani chizindikiro chofiira pamalo onse amene ana amasambira kapena kuwedza. Musatume ana kukatola nkhono ndi manja. Mapuwo mukawaonetse a zaumoyo a kukiliniki yapafupi ndi anyakwawa a midzi yozungulira, ndipo muwapemphe kuti abwere adzalankhule ndi makolo.